Ulova wa 5 pa 100, chonsecho achinyamata ali khale pa Mangochi boma?

Owerenga athu ena a ku Mangochi atumiza funso pa imelo. Akuti anamva kuti ulova m'Malawi uli pafupifupi 5 pa anthu 100 alionse, koma akadutsa pa depoti kapena pa mlatho wa Bakili Muluzi amapeza anyamata ambirimbiri opanda chochita. Ndiye akufunsa: kodi owerengera ulovawo amanama?

Sanama, akulu. Nkhani yagona pa amene amatchedwa lova. Potsata malamulo a bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, lova ndi munthu amene sanagwire ntchito yolipidwa ngakhale ola limodzi sabata yathayi, wakhala akufunafuna ntchito m'masabata anayi apitawa, ndipo ndi wokonzeka kuyamba itapezeka. Zitatu zonsezi zikwane. Mnyamata amene wapalasa kabaza tsiku limodzi, kapena mayi amene wayanika usipa wa eni ake n'kupatsidwa kangachepe, amalembedwa kuti ali pa ntchito.

Tiyerekeze ndi mudzi wa anthu 100 a zaka 15 mpaka 64. Anthu 70 agwirako kena kake, 5 akusaka ntchito, 25 sakusaka. Owerengera ulova amachotsa 25 aja, n'kugawa 5 ndi 75, ulova n'kukhala pafupifupi 7 pa 100. Koma mwa 25 aja mwina 15 ntchito akuifuna, kungoti anatopa ndi kuyenda ndi makalata. Mukawaphatikiza, malova akwana 20 mwa 90, kutanthauza 22 pa 100. Mudzi womwewo, sabata yomweyo.

Zangati zimenezi zinaonekadi pa kafukufuku wa ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya NSO ya ku Zomba wa 2013: muyeso wokhwima unapereka pafupifupi 7 pa 100, wophatikiza otaya mtima unapitirira 20. Kalembera wa 2018 anapeza 18.5 pa 100.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amaika manambalawa pa mzere n'kulengeza kuti ulova watsika kapena wakwera, pamene mafunso ake anali osiyana. Komanso mu 2013 akatswiri a maiko onse anagwirizana kuti wolima chakudya cha pakhomo pokha asamawerengedwenso ngati ali pa ntchito. M'dziko la alimi ngati lathu, kusintha kumeneku kokha kungakweze nambala popanda ndi mmodzi yemwe kuchotsedwa ntchito. Nyengo nayo imasokoneza: funsani alovi nyanja itatsekedwa mu Novembala, mudzawafunsenso usodzi uli mkati, mayankho sadzafanana. Ndipo opita ku Joni, omwe ku Mangochi ndi ochuluka, salowa n'komwe m'chiwerengero cha kuno.

South Africa imayeza miyezi itatu iliyonse, n'chifukwa chake ulova wawo woposa 30 pa 100 umatsatika bwino chaka ndi chaka. Kwathu pamapita zaka kafukufuku asanachitike, ndipo 5 munamvayo kawirikawiri amakhala wongoyerekeza wa ILO potsata muyeso wokhwima uja. Mukamvanso nambala ina, funsani chaka chake, mwezi umene anthu anafunsidwa, ndiponso ngati otaya mtima ndi alimi a chakudya cha pakhomo anawaika mbali iti.