Okutobala ayi achemwali, mukapeza zitseko zili zotseka

Achemwali, mwati mukufuna kupita ku Japan mu Okutobala kukaona mwambo wa milungu, koma tikitiyo musadule kaye. Amene akuuzani kuti milungu yonse ya ku Japan imasonkhana ku Izumo Taisha, kachisi wa chipembedzo cha Shinto wa mu mzinda wa Izumo, mwezi wa khumi sananame, koma akubisirani zoti mwezi wa khumiwo ndi wa pa kalendala yakale yoyendera mwezi wakumwamba, osati iyi ya pafoni panu. Mwambo wolandira milungu, Kamimukae-sai, umachitika usiku wa tsiku la 10 la mwezi umenewo, ndipo tsikulo limasuntha chaka ndi chaka. Mu 2023 linali pa 22 Novembala, mu 2024 pa 10 Novembala, mu 2025 pa 29 Novembala. Mawa lake mpamene pamayamba Kamiari-sai, mwambo wa masiku asanu ndi awiri amene amati milunguyo imakhala ikukambirana. Mukapita pa 10 Okutobala, nyumba ziwiri zazitali zotchedwa jukusha, momwe amati milungu yachilendo imagona, mukazipeza zitseko zake zonse 19 mbali iliyonse zili gwa.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi ogulitsa maulendo ena aja. Kalendala imeneyi amaidziwa bwino lomwe, koma amangolemba kuti "mwezi wa milungu" osatchula tsiku, ndalama n'kulandira. Akakufikitsani amakutsitsani pamalo oimika mabasi, pafupi ndi holo ya miyambo yotchedwa Kaguraden, mujambulitse pansi pa chingwe chake chachikulu chaudzu, kenako mbendera m'mwamba, tiyeni kusitolo ya mphatso. Munthu amabwerera akuganiza kuti waona kachisi, chikhalirecho nyumba yeniyeniyo sanaizungulire n'komwe. Kumeneko ndi kuba masanasana.

Ndiye tsiku lenilenilo nalonso musaliyese lophweka. Mwambo umayamba 7 koloko madzulo pagombe la Inasa-no-hama, pafupifupi kilomita imodzi kumadzulo kwa kachisi. Mu Novembala nthawi imeneyo kwada kalekale. Mphepo yochokera ku Nyanja ya Japan imabwera ndi mchenga, nthawi zambiri ndi mvula yomwe, moti anthu a kumeneko nyengo yoipa ya masiku amenewa anaipatsa dzina lakelake, oimi-are. Mumaima pamchenga wozizira maola angapo kuti mupeze malo, nsapato zanyowa, zala sizikugwira foni, ambulera mphepo yaitembenuza. Ansembe ovala zoyera akayatsa moto, chimene wofika mochedwa amaona ndi misana ya anthu basi. Nthambi za sakaki zimene amati milungu yatsikirapo amazitchinga ndi nsalu zoyera, n'kuyamba ulendo wapansi wopita kukachisi, patsogolo pali Ryuja, njoka ya m'nyanja imene amaitenga ngati wotsogolera alendowo. Palibe ng'oma zosangalatsa anthu, palibe zovinavina. Anthu amakhala chete dala kuti asasokoneze milungu pazokambirana zake, ndiye ngati mwabwera ndi ana otopa, mudziwe kuti aliyense akuyang'anani.

Zowawa zenizeni zimabwera mwambo ukatha. Khamu lonse limathamangira kasiteshoni kamodzi ka Izumo Taisha-mae ngati kudepoti tsiku loti mawa Khirisimasi. Sitima za Ichibata, kampani ya kuderako, n'zazifupi, usiku zimatalikirana, mataxi onse agwidwa, malo odyera mu msewu wa Shinmon-dori ambiri anatseka dzuwa lisanalowe. Zipinda zogona za ku Taisha, dera la pakachisi, ndi mu mzinda wa Izumo zimatha miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Amene anasungitsa chipinda ku Matsue poganiza kuti ndi pafupi amazindikira ali papulatifomu kuti ndi ulendo wa ola, ndipo akaphonya sitima yomaliza basi zake zada.

Kafikidwe kake nako kamapusitsa. Siteshoni ya JR Izumoshi si pakachisi, njanji ya JR (makampani aakulu a sitima ku Japan) yopita ku Taisha inatsekedwa mu 1990. Mukatsika mumakwera basi ya Ichibata, mphindi pafupifupi 25, kapena sitima ya Ichibata kuchokera pa Dentetsu Izumoshi, kawirikawiri n'kusintha pa Kawato. JR Pass, tikiti ya alendo yokwerera sitima za JR, sigwira ntchito pa Ichibata, khalani ndi ndalama m'manja. Kuchokera ku Okayama, sitima ya Yakumo imatenga pafupifupi maola atatu. Ngati mukufuna sitima yogonamo ya Sunrise Izumo kuchokera ku Tokyo, matikiti amayamba kugulitsidwa 10 koloko m'mawa kutatsala mwezi umodzi, ndipo a nyengo imeneyi sachedwa kutha. Sitimayi amaigawa pawiri pa Okayama, ndiye mukatsika kukaonera akuilekanitsa, muonetsetse kuti mwabwerera mbali yoyenera, theka linalo ndi Sunrise Seto, limapita ku Takamatsu.

Mukafika, yambani ndi gombe, masana. Tengani kathumba, tapani mchenga pang'ono pa Inasa-no-hama. Malinga ndi Kojiki, buku la nthano za milungu la mu 712, apa mpamene Takemikazuchi, mthenga wa mulungu wa dzuwa Amaterasu, anatsikira kudzauza Okuninushi, mulungu wa pakachisiyu, kuti apereke dziko, iye n'kuvomera koma atapempha kuti am'mangire nyumba yaitali kwambiri. Nyumbayo ndi imene mukupitayi. Lowerani pachipata cha Seidamari, muwerame pang'ono musanadutse. Njira yake imatsetsereka, zomwe sizichitika kawirikawiri pa akachisi a Shinto. Pakati pa mitengo ya paini musayendepo, anatsekapo poteteza mizu, dutsani m'mbali.

Posambira m'manja, ngati pali chikho: chigwireni ndi dzanja lamanja, tsirani kumanzere, sinthani, tsirani kumanja, kenako thirani madzi m'chikhatho chakumanzere muchukuche m'kamwa. Chikho chisakhudze milomo, ndipo madziwo mulavulire pansi, osati m'beseni. Pomaliza chiimikeni kuti otsalawo atsuke chogwirira. Zonsezi ndi chikho chimodzi chokha.

Kuno kuwomba m'manja ndi kanayi, osati kawiri monga munaphunzirira kwina: kuwerama kawiri, kuwomba kanayi, kuwerama kamodzi. Ngati chikhulupiriro chanu sichilola, palibe wokukakamizani, ingoimani pambali osatchinga mzere, chipewa chili m'manja.

Nyumba yaikulu, honden, ndi ya mu 1744, yotalika mamita 24, ndipo simulowamo, mumaima kunja kwa chipata cha Yatsuashi-mon. Muyang'ane pansi pamenepo. Pali zizindikiro zozungulira zosonyeza pamene mu 2000 anafukula mzati wakale, mitengo itatu ikuluikulu yomangidwa pamodzi, m'lifupi pafupifupi mamita atatu. Mizati imeneyi ndiyo inachititsa akatswiri kusiya kuseka nkhani yoti nyumba yakaleyo inkafika mamita 48. Kenako zungulirani mpanda kuyambira kudzanja lamanja. Kuseri kuli Soga-no-yashiro, kachisi wamng'ono wa mulungu wina, Susanoo, ndipo pansi pa khonde lake pali mabokosi a mchenga. Thiranimo wanu uja, mutenge wa m'bokosi wocheperapo kuposa umene mwasiya. Kutapa musanasiye kanthu n'kupanda ulemu. Mbali yakuseriyi amatseka cha m'ma 4:30 madzulo, ndiye wofika mochedwa amabwerera ndi mchenga wake womwewo. Mukafika kumadzulo kwa mpanda imaninso, chifukwa mpando wa Okuninushi m'katimo unayang'ana kumadzulo, ndiye pamenepa mpamene mwayang'anizana naye.

Chingwe cha pa Kaguraden (chimene anaika mu 2018 chinali cha mamita 13.6 ndi matani 5.2) musachiponyere makobidi. Mudzamva ena akuti kobidi likakanirira m'udzu ndiye mwayi wa banja. Eni ake amaletsa, zimawononga chingwe.

Kunena zoona, kachisiyu amakoma tsiku wamba la pakati pa sabata, m'mamawa anthu asanachuluke, kenako n'kukadya soba ya warigo, chakudya chonga supageti cha m'timbale titatu tosanjikiza. Koma ngati mwayi wopita ndi umodzi wokhawu, pitani nthawi ya Kamiari yomweyo, kuzizira musakuwerengere. Ndipo ngati zipinda mwapeza zitatha, gulani ulendo kwa amakampani omwe ndawanyozawo, poti ena ndi amene amakhala atagwira zipinda ndi basi yobwerera usiku. Kungoti akulembereni tsiku la Kamimukae-sai papepala, mulifananize ndi limene kachisi walengeza chaka chimenecho, kenako ndiye mulipire. Jekete yosalowa madzi ndi tochi musasiye.