Mafunso ndi Mayankho: Kodi mlandu wogwirira umatha ngati palibe umboni wa DNA?

FUNSO: Alangizi, ndikulemba ndi mtima wosweka kuchokera kuno ku Mchengautuwa mumzinda wa Mzuzu. Ndimalera mwana wa malemu mkulu wanga, mtsikana wa zaka 14. Mwezi watha bambo wina woyandikana nafe anamugwirira ine nditapita kukagulitsa masamba kumsika. Chifukwa choopsezedwa, mwanayu anakhala masiku anayi osaulula, ndipo pomwe ankandiuza n'kuti atasamba kangapo, zovala zakenso ndinali nditazichapa ndekha osadziwa kanthu. Tsiku lomwelo tinapita kupolisi ndi kuchipatala, koma bamboyo akukana, ndipo achibale ake akuti popeza palibe DNA mlanduwu supita patali, choncho tingokambirana pakhomo. Kodi DNA n'chiyani kwenikweni, nanga ine ndinawononga mlandu pochapa zovalazo? — Mayi wodandaula, Mchengautuwa

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zamuonekera mwanayu. Simunawononge mlandu, ndipo zimene achibale a bamboyo akukuuzani si zoona. Palibe lamulo m'dziko muno lonena kuti munthu sangapezeke wolakwa pa mlandu wogwirira pokhapokha pakhale DNA, ndipo makhoti athu akhala akuweruza milandu yotereyi potengera mawu a wodandaula, lipoti la kuchipatala ndi umboni wa anthu ena.

DNA ndi malangizo a chibadwa amene ali m'maselo a thupi la munthu, theka lochokera kwa mayi ndi theka lochokera kwa bambo. Imapezeka m'magazi, mu umuna, m'malovu, m'mizu ya tsitsi ndi m'tizidutswa ta khungu. Anthu tonse timafanana pa mbali yaikulu kwambiri ya DNA yathu, pafupifupi 99.9 peresenti, koma pali malo ena pamene tizigawo tating'ono timabwerezabwereza kangapo, ndipo kuchuluka kwa kubwerezako kumasiyana munthu ndi munthu. Akatswiri a kulabotale amawerenga malo oterewa, nthawi zambiri okwana pafupifupi 20, kenaka amayerekeza zimene zapezeka pathupi kapena pazovala za wogwiriridwa ndi zimene atenga mkamwa mwa woganiziridwa pomupaka kathonje m'kati mwa tsaya. Malo onsewo akagwirizana, mwayi woti umunawo ndi wa munthu wina wosakhala mbale wake umakhala wochepa zedi. Mapasa ofanana okha ndi amene kuyeza kwamtunduwu sikuwasiyanitsa.

Njirayi inatulukiridwa mu 1984 ndi Alec Jeffreys wa pa yunivesite ya Leicester ku England, ndipo mlandu woyamba umene inadziwika nawo unali wa atsikana awiri a zaka 15 amene anagwiriridwa n'kuphedwa, wina mu 1983 ndi wina mu 1986. Apolisi anali atagwira mnyamata wa zaka 17 amene anavomera kupha mmodzi wa atsikanawo, koma DNA inaonetsa kuti umuna wopezeka pa onse awiri sunali wake, ndipo anamasulidwa. Atayeza amuna masauzande angapo a m'deralo osapeza wolakwa, anagwira Colin Pitchfork, amene anali atatuma mnzake kukayezetsa m'malo mwake; DNA yake inagwirizana ndi umunawo, ndipo analamulidwa kukakhala kundende moyo wake wonse mu 1988. Ndaitchula nkhaniyi kuti muone kuti umboniwu uli ndi mphamvu ndithu, ndipo sindikufuna kuupeputsa.

Vuto lake ndi nthawi. Zotsalira za mwamuna pathupi la wogwiriridwa zimayamba kutha pakangopita maola ochepa, ndipo kusamba, kutawasa, kutsuka mkamwa ndi kusintha zovala zimafulumizitsa kuthako. N'chifukwa chake achipatala amalimbikira kuti munthu afike asanasambe ndiponso pasanathe maola 72. Malire a maola 72 omwewo ndi a PEP, mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amene amamwedwa kwa masiku 28, pomwe mapiritsi opewera mimba yosayembekezeka amathandizabe mpaka maola 120. Ndikulemba zimenezi makamaka chifukwa cha owerenga ena amene angakumane ndi zotere mawa. Inu simukanasunga umboni wa chinthu chimene simunkachidziwa, ndipo mwana amene waopsezedwa akachedwa kuulula sakhala kuti walakwa. Ana ambiri amatero.

Ngakhale munazichapa, zovalazo musazitaye kapena kuzitentha, chifukwa umuna nthawi zina umatsalira mu ulusi wa nsalu ngakhale yachapidwa. Ngati pali chitenje, mkeka kapena bulangete la pamalo pamene zinachitikira, zimenezo n'zofunika kuposa zovala zochapidwazo. Chilichonse chiume bwino pamthunzi, chikulungidwe pachokha m'pepala loyera kapena mu envelopu, ndipo musachiike m'jumbo. Kuno ku Mzuzu, kumene mvula ndi chinyezi zimatenga miyezi yambiri, nsalu yotsekeredwa m'pulasitiki sichedwa kuchita nkhungu, ndipo nkhungu imawononga DNA. Kaperekeni zinthuzo kwa wapolisi amene akufufuza mlanduwu, ndipo mupemphe kuti alembe tsiku, dzina lake ndi zimene walandira. Kulembako n'kofunika chifukwa kukhoti woimira woimbidwa mlandu amafunsa kuti chinthucho chinadutsa m'manja mwa ndani kuyambira pakhomo mpaka kulabotale, ndipo pakakhala mpata wosafotokozeka, zotsatira zabwinobwino zimatha kukanidwa.

Kuyeza DNA kumafuna makina, akatswiri ndi ndalama zambiri, kotero milandu yambiri kwathu kuno imafika pamaso pa woweruza popanda umboni umenewu. Chimene chinyamule mlandu wa mwana wanu ndi mawu ake, ngati afotokoza momveka ndiponso mosasinthasintha, lipoti la dokotala amene anamuona, umboni wanu monga munthu woyamba kuuzidwa, komanso wina aliyense amene anaona bamboyo akulowa kapena kutuluka pakhomo tsikulo. Konzaninso chikalata chotsimikizira zaka zake, kaya ndi chiphaso cha kubadwa, buku lake la kuchipatala kapena kaundula wa kusukulu. Zaka zake zikatsimikizika, bamboyo sangadziteteze ponena kuti mtsikanayo anavomera, popeza gawo 138 la malamulo a milandu ya upandu silizindikira chilolezo cha mwana wa zaka 14.

Ngati zitapezeka kuti mwanayu ali ndi pakati, DNA ikhoza kugwiranso ntchito mwa njira ina, pakuti khanda likabadwa n'zotheka kuyeza ngati woganiziridwayo ndiye bambo ake, ndipo umboni umenewo sutha ndi kusamba kapena kuchapa. Mukakhala ndi nkhawa imeneyi, uzani msanga dokotala ndi wofufuza mlanduwo. Popeza anafika kuchipatala maola 72 atadutsa, onetsetsaninso kuti abwerere kukayezetsa magazi pa tsiku limene anamuuza, chifukwa kuyeza koyamba sikuonetsa kachilombo kamene kangolowa kumene.

Za kukambirana pakhomo, ndikukupemphani kuti mukane. Mlandu wogwirira mwana ndi wa boma, suweruzidwa ndi ankhoswe kapena amfumu, ndipo ndalama kapena mbuzi imene angakupatseni idzasiya bamboyo akuyenda pakati pa ana ena a m'deralo. Achibale akewo akapitiriza kukuvutitsani, kanenani ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, ya Victim Support Unit. Mwanayu akufunikanso uphungu, ndipo mungaupeze ku Chikwanekwane, malo othandizira ochitidwa nkhanza pa chipatala chachikulu cha Mzuzu, kapena poimba ulere pa 116, nambala yothandiza ana.

FUNSO: Mng'ono wanga ali pa rimandi pomuganizira kuti anagwirira mayi wa zaka 26. Iye akuti anagonana nayedi koma anagwirizana. Monga banja tikufuna kusonkha ndalama kuti ayezedwe DNA. Kodi zimenezi zimupulumutsa? — Bambo wa ku Luwinga

YANKHO: Bambo, musanasonkhe ndalamazo mvetsani chimene DNA ingayankhe. Imaonetsa kuti umuna, malovu kapena magazi ndi a ndani, koma sionetsa ngati mayiyo anavomera kapena anakakamizidwa. Popeza mng'ono wanu sakukana kuti anagonana naye, zotsatira za kulabotale zidzangotsimikizira chinthu chimene mbali zonse ziwiri zikuvomereza kale. Zikanakhala zosiyana akanati sanamukhudze n'komwe kapena kuti amusokoneza ndi munthu wina, chifukwa pamenepo kuyezako kukhoza kumasula munthu wosalakwa.

Khoti lidzayang'ana pa nkhani ya chilolezo, ndipo lidzamva mawu a mayiyo ndi a mng'ono wanu, lidzaona ngati panali mabala kapena zovala zong'ambika, mauthenga a pafoni, ndi zimene aliyense anachita zitangochitika. Dziwaninso kuti kusapezeka kwa mabala pakokha sikutsimikizira kuti mayiyo anavomera, pakuti munthu woopsezedwa kapena woledzeretsedwa akhoza kugwiriridwa popanda kulimbana. Mlanduwu ndi waukulu, ndipo chilango chake chikhoza kufika pokhala kundende moyo wonse, choncho mng'ono wanu akufunika loya. Ngati banja silingakwanitse kulipira, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau mu Mzuzu momwemo. Pakadali pano aliyense wa pabanja panu asapite kwa mayiyo kapena kwa mboni zake kukawanyengerera, chifukwa kusokoneza mboni ndi mlandu paokha ndipo kungachititse kuti mng'ono wanu akanizidwe belo.