Musakweze beti chifukwa choti mwawina katatu

Achimwene, mwati mwaphunzira kuwerenga makhadi a blackjack (masewera a makhadi a ku kasino) ndi njira ya Hi-Lo (yowonjezera 1 khadi laling'ono likatuluka ndi kuchotsa 1 lalikulu likatuluka), muli ndi mpamba wa 10,000, ndipo poti mwawina maulendo atatu otsatizana mukufuna kuyamba kubetcha kawiri kuposa kale. Ine ndikuti dikirani kaye.

Maulendo atatu sasonyeza kanthu. Makhadi akangosakanizidwa kumene, kasino imakuposani ndi pafupifupi 0.5 peresenti ngakhale musewere mosalakwitsa. True count (nambala imene mwawerengayo mutaigawa ndi mapaketi a makhadi otsala) ikakwera ndi 1, inu mumapezako pafupifupi 0.5 peresenti. Ndiye pa +1 mwangolingana nawo, pa +3 mwatsogola ndi 1 peresenti basi. Kamwayi kochepa chonchi kamaoneka mukasewera maola mazanamazana, osati mausiku atatu.

Chomwe chiyenera kukuuzani kukula kwa beti ndi mpamba wanu. Pali masamu amene John Kelly wa ku Bell Labs anatulutsa mu 1956, ndipo Edward Thorp anawagwiritsa ntchito pa blackjack. Mumatenga mwayi wanu, n'kuugawa ndi 1.3 (nambala imeneyi ikuimira kukwera ndi kutsika kwa ndalama chifukwa cha ma double, pomwe mumawirikiza beti, ndi ma split, pomwe mumagawa makhadi awiri ofanana n'kubetcha pa lililonse), kenako n'kuchulukitsa ndi mpamba. Pa +3 ndiye kuti beti ya pafupifupi 77 pa 10,000 yanuyo. Pa +5, pafupifupi 154.

Koma musabetche yonseyo. Wotsatira Kelly yathunthu, mwayi woti tsiku lina adzaone mpamba wake utatsika kufika pa theka ndi 50 peresenti. Ndi angati angapirire kuona 10,000 yasanduka 5,000 osayamba kubetcha mwaukali? Mukabetcha theka la Kelly, ngozi imeneyo imatsika kufika pa 1 mwa 8, pomwe mpamba umakulabe pa magawo atatu mwa anayi a liwiro lija. Kwa ine apa palibe chokambirana: 40 pa +3, 75 pa +5. Ndipo dziwani kuti wobetcha kawiri kuposa Kelly mpamba wake sukula n'komwe, ngakhale akuwerenga bwinobwino.

Chifukwa china chochepetsera n'chakuti mwayi umene mukuganiza kuti muli nawo nthawi zambiri ndi wokokomeza. Mumasokonezeka powerenga, mumayerekeza molakwika mapaketi otsala, wogawa makhadi amasakaniza msanga.

Count ikakhala pansi, betchani yochepetsetsa imene tebulo likulola kapena nyamukani. Pa mapaketi 6, beti yaikulu imafunika kukhala pafupifupi ka 12 kuposa yaying'ono, choncho tebulo loyambira 25 si lanu pakadali pano. Lomwe limalipira 6:5 (6 pa 5 iliyonse imene mwabetcha) mukapeza 21 ndi makhadi awiri oyamba lipiteni pambali, limakulandani pafupifupi 1.4 peresenti.

Mpamba ukafika 12,500, werengeraninso mabeti anu. Ukatsika kufika 7,500, werengeraninso, ndipo nthawi imeneyo muchepetse. Lembani maola ndi zotsatira za ulendo uliwonse, ndipo ndalama ya lendi ndi chakudya isalowe m'thumba limeneli.