Kuoda timagalimoto ta loboti: samalani mamota ndi tinyale

Achimwene, mwafunsa mmene bizinesi yooda timagalimoto ta loboti imayendera, tija ana asukulu amatilembera pulogalamu pa Arduino kapena micro:bit, timabodi ta kompyuta tolamulira kagalimotoko. Katunduyu pafupifupi yense amapangidwa ku China. Kaya mwapikula ku Johannesburg kapena ku Kariakoo ku Dar es Salaam, mukafika pachipata cha Mwanza kapena Songwe, a MRA amamuwerengera ngati wa ku China, ndiye musadalire kuti chikalata cha SADC, chosonyeza kuti katundu wapangidwa m'maiko a SADC, chikuchotserani msonkho. Lisiti lanu litchule chinthu chilichonse pachokha, mamota angati, mabodi angati, chifukwa katoni yongolembedwa kuti "zidole" imayambitsa mkangano wa mtengo.

Ndalama zambiri zimalowa m'madzi chifukwa cha mamota, timakina tamagetsi tozunguza mateyala. Makiti (mapaketi a zipangizo zomangira kagalimoto) otchipa amabwera ndi timota tachikasu totchedwa TT, ta magiya apulasitiki a 1:48, toyendera mavoti 3 mpaka 6. Musanalipire, gunditsani iliyonse ku batire, mutchere khutu. Yabwino imalira mosalala, koma ikamati khe khe khe, dzino la giya lathyoka kale. Onaninso timalilime tiwiri tamkuwa towotchererapo waya. N'topyapyala ngati pepala, mwana akangokoka waya kamodzi kathothoka. Mukawotcherera, mangirirani wayayo kuthupi la mota. Pa makiti 10 aliwonse onjezerani mamota 4 apadera, aphunzitsi adzawafuna temu isanathe.

Wogula muzimuuza kuti mota sailumikiza mwachindunji pa pini (polowetsa waya) ya Arduino. Piniyo imakwanitsa pafupifupi 20 mA, pomwe mota ikakakamira pakhoma imakoka pafupifupi ampu imodzi (1 A, yomwe ndi 1000 mA), bodi n'kupsa, mlandu n'kukhala wanu. Pakati pamafunika kabodi koyendetsa mota. Kofala ndi L298N, kofiira kaja, koma kamadya pafupifupi mavoti 2. Mukakapatsa mabatire 4 a AA, ku mota kumangofika mavoti 4, kagalimoto n'kumakwawa. Kamagwirizana ndi mabatire awiri a lithium otchedwa 18650, omwe amapereka mavoti 7.4. Ngati sukulu ikufuna a AA, odani kabodi ka TB6612FNG kapena DRV8833 m'malo mwake. Waya wa GND (wa kumainasi) wa batire, wa kabodiko ndi wa Arduino ayenera kukumana. Akapanda kutero, pulogalamu ingakhale yolondola bwanji, mateyala sachita zomwe mwalamula.

Tinyale n'totchipa, koma ndi timene timakopa mwana, choncho musatipeputse. Kanyale wamba ka LED kamafuna rezisita (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) ya 220 ohm pa mavoti 5, ndipo kamwendo kakatali ndiko kamapita ku pulasi. Kiti yopanda marezisita musatenge, kapena gulani paketi yake padera. Tinyale tosinthasintha mitundu ta WS2812B timalamulidwa tonse ndi pini imodzi, koma pa kalamba kamene timamatidwapo pali kamuvi. Waya wochokera ku piniyo ulowere mbali yolembedwa DIN; mukaulowetsa ku DOUT kalamba yense amakhala zii ngati wakufa, wogula n'kukubwezerani katundu wabwinobwino. Kanyale kamodzi kakawala moyera mwamphamvu kamakoka mpaka 60 mA, ndiye tinyale 8 timatsala pang'ono kufika theka la ampu. Tikamaphethira pamene mamota akunyamuka, kapena Arduino ikamayambiranso yokha, ndiye kuti batire ikuperewera mphamvu. Chepetsani kuwala mu pulogalamu, muwotcherere kapasita (kachipangizo kosefa magetsi) yolembedwa 104 pakati pa malilime a mota iliyonse, kuti phokoso la magetsi lochokera ku mota lisasokoneze bodi.

Pa mabatire a 18650 m'pamene chinyengo chachuluka. Enieni sapitirira kwenikweni 3500 mAh (muyezo wa magetsi amene batire imasunga), ndipo amalemera pafupifupi magalamu 45. Mukaona lolembedwa 9900 mAh, lopepuka m'manja, lisiyeni. Yendani ndi kasikelo ka m'thumba ndi mita yoyezera magetsi. Polongedza, matani tepi kunsonga zonse ziwiri, ndipo musawaike thumba limodzi ndi masikuluwu, chifukwa akagundana ndi chitsulo m'basi amatha kuyaka. Ngati katundu akubwera pandege, funsiranitu wonyamula, popeza mabatire a lithium ali ndi malamulo akeake.