Tiyi wochepetsa thupi mwamusiya, ndiye mutani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Dzivarasekwa mumzinda wa Harare, wazaka 38. Akuti sikelo ya kukiliniki ikusonyeza makilogalamu 96, mawondo akuwawa, ndipo anesi awachenjeza kuti shuga wayamba kukwera. Anagulapo tiyi ndi makapisozi pa WhatsApp, koma mtima unkagunda ngati ng'oma ya gule, tulo osabwera, ndiye anazisiya. Opaleshoni sakuifuna, ndalama zakenso alibe. Funso lawo ndi lakuti: kodi pali njira ina?

Mayi, posiya zija munachita bwino. Mankhwala ambiri ogulitsidwa mwamseri amapezeka kuti anathiramo sibutramine, amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa chowonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko. Tiyi winayo amangotsegula m'mimba, ndipo chimene chimachoka ndi madzi, mafuta ali phee. Mankhwala amene sanalembetsedwe ku MCAZ, bungwe loyang'anira mankhwala ku Zimbabwe, musawameze.

Cholinga chanu chisakhale kubwerera m'diresi la paukwati. Yambani ndi makilogalamu 6 kapena 7. Kafukufuku wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatenga anthu onga inu, amene shuga wawo anali atangoyamba kukwera. Anawapatsa cholinga chochotsa 7 peresenti ya kulemera kwawo ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata. Mwayi wodwala shuga unatsika ndi 58 peresenti, kuposa amene ankamwa mapiritsi a shuga otchedwa metformin.

Ine ndikanayambira m'kapu, mbale pambuyo. Kachitini ka Coca-Cola ka mamililita 330 kali ndi shuga wokwana magalamu 35, pamene bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 tsiku lonse. Onjezanipo chakumwa chotsekemera cha Mazoe cha masana, maheu ogula, ndi tiyi wathu uja wa masipuni anayi, kawiri pa tsiku. Zakumwa sizikhutitsa, n'chifukwa chake sitiziwerengera. Chepetsani sipuni imodzi sabata iliyonse, lilime limazolowera.

Nsima musaisiye. Amene amalumbira kuti sadzadyanso sadza ndimawapeza Lamlungu lachitatu akukomba mphika. Vuto ndi mitanda. Pamene munkadya itatu idyani umodzi ndi theka, ndipo theka la mbale likhale masamba: covo, repu, nkhwani amene anzathu amati muboora, kapena luni amene pa Mbare Musika mumamva akuti nyevhe. Nyemba, mazira ndi matemba zimagwira m'mimba nthawi yaitali. Ufa wa mgaiwa, wa mawere kapena wa mapira uli ndi gaga wambiri kuposa woyera uja, komabe nawonso ukachuluka umanenepetsa. Mafuta ophikira yezani ndi sipuni, chifukwa sipuni yaikulu imodzi yokha ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ife timangopendeketsa botolo mpaka ndiwo kusambira.

Kuyenda pakokha sikuchotsa makilogalamu ambiri, koma kumatsitsa shuga ndipo kumathandiza kuti ochoka asabwerere. Tsikani kombi isanafike pamalo anu, muyende mphindi 30 mwachangu masiku asanu pa sabata. Mawondo akadandaula, gawani mphindi 10 katatu.

Za jakisoni mwina mwazimva. Semaglutide, wogulitsidwa ndi mayina akuti Ozempic ndi Wegovy, amabayidwa kamodzi pa sabata ndipo amachepetsa njala. Pa kafukufuku wa 2021 anthu anachotsa pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwawo m'masabata 68. Amagwiradi ntchito, koma ndi wodula, amachititsa nseru, ndipo amene anamusiya anabwezeretsa magawo awiri mwa atatu a zimene anachotsa m'chaka chimodzi. Majakisoni abodza aliponso, choncho popanda dokotala ayi. Palinso kabaluni kamene amalowetsa m'mimba kudzera pakamwa kwa miyezi pafupifupi 6, koma mtengo wake si wa thumba lathu.

Simunanene ngati pali mankhwala ena amene mukumwa. Jakisoni wakulera wa Depo amanenepetsa amayi ena. Ma ARV okhala ndi dolutegravir nawonso, ndipo kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg mu 2019 anaona zimenezi makamaka mwa amayi. Ngati muli pa amenewa musasiye ngakhale tsiku limodzi, kakambiraneni ndi akukiliniki.

Konzekeraninso pakamwa pa anthu. Kwathu kuno munthu akayamba kutsika, kutchalitchi amakunong'oneza kuti "Kodi muli bwinobwino?", ndipo apongozi amawonjezera mtanda m'mbale. Auzeni msanga a m'nyumba mwanu kuti anesi ndiwo alamula.

Lero tengani tepi ya telala muyeze chiuno cha pamchombo, mulembe pakhoma la kabati. Kwa amayi, ngozi imayamba kukula chikapitirira masentimita 80. Yezaninso mwezi uliwonse, ndipo ikatha miyezi itatu mundilembere manambalawo pamodzi ndi a shuga.