Mazenera a Nyumba Yakale ku York

Mwafunsa ngati mungachotse mazenera amatabwa a nyumba yanu ya Grade II (gulu la nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo) mumzinda wa York ku England n'kuikapo apulasitiki chifukwa cha kuzizira. Musatero musanalandire chilolezo cha khonsolo, pakuti malinga ndi lamulo la 1990 loteteza nyumba zakale ku England, kuwasintha popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo apulasitikiwo kawirikawiri amakanidwa. Ine ndikuona kuti muyambe mwaitana kalipentala adzakonze matabwa owola ndi kutseka mipata, poti mphepo yozizira imalowera m'menemo. Kenaka muike galasi lachiwiri m'kati mwa zenera lakalelo, njira imene bungwe la Historic England, loyang'anira nyumba ndi malo akale, limalimbikitsa popeza galasilo limachotseka osawononga matabwa. Limachepetsanso phokoso lamumsewu. Ngakhale pa galasili, funsani kaye kukhonsoloko.