Mwafunsa, Tayankha: Kodi msilikali akalemba mbiri ya nkhondo za kwawo tingamukhulupirire?

FUNSO: Ndine msilikali wopuma ntchito, tsopano ndili kumudzi. Mdzukulu wanga wandibweretsera buku lachingerezi lonena za nkhondo za pakati pa Aarabu ndi Israel, lolembedwa ndi Chaim Herzog. Pachikuto alembapo kuti munthuyu anali jenerale, kenaka mtsogoleri wa dziko. Kodi anali ndani kwenikweni? Ndipo mundiuze mosapsatira: munthu amene anavala yunifomu ya mbali imodzi, pambuyo pake n'kulowa ndale, zolemba zake tingazitenge ngati zoona? — Msilikali wopuma, Zomba

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Bukulo musalitaye, muliwerenge mpaka kumapeto. Koma musaliwerenge lokha, ndipo chifukwa chake ndikuuzani tikamudziwa kaye mwiniwake.

Chaim Herzog anabadwira ku Belfast mu 1918 ndipo anakulira ku Dublin, kumene bambo ake anali rabi wamkulu, kutanthauza mtsogoleri wa chipembedzo cha Ayuda a ku Ireland. Mu 1935 anasamukira ku Palestine, dziko limene panthawiyo linali m'manja mwa Angerezi. Anakaphunzira zamalamulo ku London, ndipo nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itavuta analowa usilikali wa Britain, m'nthambi yofufuza zinsinsi za adani. Anali m'gulu la asilikali amene analowa m'dziko la Germany nkhondo ikutha, ndipo anaona ndi maso ake zimene chipani cha Nazi chinachita m'misasa yozunzirako Ayuda. Munthu akaona zotere sakhalanso chimodzimodzi, ndipo mukamawerenga bukulo mudzamva kuti wolembayo sakayika ngakhale pang'ono kuti Ayuda ayenera kukhala ndi dziko lawo ndi asilikali awo.

Dziko la Israel litakhazikitsidwa mu 1948, Herzog anatsogolera nthambi ya ukazitape ya asilikali kawiri, kuyambira 1948 mpaka 1950, kenaka kuyambira 1959 mpaka 1962. Pakatipo anakhalako ku Washington ngati woimira asilikali ku ofesi ya kazembe. Anavula yunifomu mu 1962 ali pa udindo wa major general. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti munthu wa ukazitape sathamanga ndi mfuti kutsogolo. Ntchito yake ndi kuwerenga mapu, kuwerengera akasinja a mdani, ndi kuuza akuluakulu zimene safuna kumva. Ubwino wa mabuku ake unachokera pamenepo.

Anthu wamba a kwawo anamudziwira pa wailesi. Mu May ndi June 1967, dziko lonse lili ndi mantha kuti nkhondo ikubwera, iye ankalankhula pa wailesi ya dziko kufotokoza modekha mmene zinthu zinalili, ndipo anthu ankakhazika mtima pansi akamumva. Nkhondoyo inabweradi mu June momwemo n'kutenga masiku 6, ndipo itatha anamuika kukhala bwanamkubwa woyamba wa asilikali m'dera la West Bank limene Israel inalanda.

Buku limene linamutchukitsa ngati wolemba mbiri ndi The War of Atonement la 1975, lonena za nkhondo ya October 1973. Limene muli nalo inu ndi The Arab-Israeli Wars, lomwe linatuluka mu 1982, ndipo nkhondo ya 1973 ilimonso. Yambirani pamenepo. Pa 6 October 1973, masana, pa tsiku lopatulika kwambiri la Ayuda la Yom Kippur, asilikali a Egypt anaoloka ngalande ya Suez pamene a Syria ankalowa ndi akasinja ku mapiri a Golan. Aisraeli anali ataunjika chimulu chachitali cha mchenga m'mbali mwa ngalandeyo, akukhulupirira kuti mdani adzataya nthawi yaitali kuti achiboole. Mainjiniya a Egypt anabwera ndi mapampu, n'kumapopa madzi a m'ngalande momwemo kuwathira mwamphamvu pa mchengawo, ndipo m'maola ochepa mipata inatseguka, milatho n'kuyalidwa, akasinja n'kuoloka. Herzog sanabise kuti nzeru imeneyi inali yapamwamba. Sanabisenso kuti akuluakulu a kwawo anaona zizindikiro zonse koma anazinyalanyaza, chifukwa anali atadziuza kale kuti Egypt singayerekeze kuyamba nkhondo isanakhale ndi ndege zokwanira. Nthambi imene inalakwa kwambiri ndi yomwe iye mwini anaitsogolerapo, ndipo komishoni ya Agranat, imene boma linakhazikitsa kuti ifufuze zolakwazo, mu 1974 inachititsa kuti mkulu wa nthambiyo, Eli Zeira, ndi mkulu wa asilikali onse, David Elazar, achoke pa maudindo. Asilikali a Israel oposa 2,500 anafa pa nkhondoyo. Kulemba za kunyada ndi kugona kwa anzako maliro asanaiwalike si chinthu chapafupi, ndipo pamenepa ine ndimamupatsa ulemu.

Choncho pa nkhani ya gulu liti linali pati, linanyamuka nthawi yanji, linasowa chiyani, mkulu wake analakwitsa pati, mukhoza kumudalira kwambiri. Ankawadziwa akuluakulu ambiri amene anamenya nkhondozo, ndipo ankalankhula nawo ngati mnzawo.

Vuto lili pa zimene diso lake silinkaima nthawi yaitali. Mu 1948 Apalestina pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo, ndipo sanaloledwe kubwerera. Mu June 1967, masiku omwewo Herzog ali bwanamkubwa, nyumba zoposa 100 za m'dera la Mughrabi ku Jerusalem zinagumulidwa kuti pakhale bwalo lalikulu patsogolo pa khoma limene Ayuda amapempherapo, ndipo mabanja amene ankakhalamo anangopatsidwa kanthawi kochepa kuti atuluke. Mbiri yolembedwa ndi jenerale imatsatira mivi ya pa mapu. Mayi amene watuluka m'nyumba usiku, mwana kumsana, sakhala ndi muvi wake pa mapupo. Sindikunena kuti Herzog ananama. Ndikunena kuti anaima pamalo amodzi, ndipo zimene zinali kuseri kwa malowo muyenera kuzifuna kwa ena. Mfumu ya nzeru siigamula mlandu wa munda itangomva mwini mbali imodzi, ngakhale munthuyo akhale wokhulupirika chotani.

Mdzukulu wanuyo mumutume akufunireni The Crossing of the Suez, buku la Saad el-Shazly, amene anali mkulu wa asilikali a Egypt mu 1973. Nayenso ndi jenerale wolemba za nkhondo yake, ndipo akufotokoza kuoloka komwe kuja ali tsidya linalo. Anakangana ndi pulezidenti Anwar Sadat pa kayendetsedwe ka nkhondoyo, anachotsedwa pa udindo, ndipo chifukwa cha zimene analemba anaweruzidwa iye kulibe. Atabwerera kwawo mu 1992 anamutsekera m'ndende. Mukawaika pamodzi awiriwa mudzadabwa mmene amagwirizanirana pa za asilikali ndi mmene amasiyanirana pa za chifukwa chake anthu anafa.

Tsopano za ndale. Kuyambira 1975 mpaka 1978 Herzog anali kazembe wa Israel ku United Nations. Pa 10 November 1975 msonkhano waukulu wa bungweli unavomereza chigamulo nambala 3379, chonena kuti Zionism, mfundo yoti Ayuda akhale ndi dziko lawolawo, ndi mtundu wa tsankho. Mayiko 72 anavomereza, 35 anakana, 32 sanavote. Herzog anaima pa nsanja n'kung'amba pepala la chigamulocho pamaso pa onse. Dziko lathu la Malawi, mu ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda, linali limodzi mwa mayiko ochepa a mu Africa amene anavota kukana. Chigamulocho chinadzafafanizidwa mu December 1991.

Mu 1981 analowa m'nyumba ya malamulo ya kwawo, Knesset, kudzera m'mgwirizano wotsogozedwa ndi chipani cha Labour, chomwe panthawiyo chinali chotsutsa boma. Mu March 1983 anapikisana pa udindo wa pulezidenti. Dziwani kuti ku Israel pulezidenti sasankhidwa ndi anthu onse ngati kwathu kuno. Amasankhidwa ndi aphungu 120 movota mwachinsinsi, ndipo mphamvu zoyendetsa boma zimakhala ndi nduna yaikulu. Boma la nduna yaikulu Menachem Begin linali ndi munthu wake, woweruza milandu Menachem Elon, koma Herzog anapambana ndi mavoti 61 kwa 57, kusonyeza kuti ena a mbali ya boma anamuvotera mobisa. Anasankhidwanso mu 1988 n'kukhalapo mpaka 1993. Zisankho za 1984 zitalephera kutulutsa wopambana weniweni, iye anakankha Shimon Peres ndi Yitzhak Shamir, atsogoleri a zipani ziwiri zazikulu, kuti apange boma limodzi, n'kumasinthana mpando wa nduna yaikulu. Mu 1987 anapita ku Germany paulendo wa boma, ndipo anakaima ku Bergen-Belsen, umodzi mwa misasa yozunzirako Ayuda ija.

Pali chinthu chimodzi cha nthawi ya upulezidenti wake chimene chimandipweteka, ndipo chikukhudza funso lanu mwachindunji. Mu April 1984 Apalestina anayi analanda basi. Awiri anaphedwa asilikali akulanditsa basiyo, koma awiri enawo anajambulidwa akutengedwa ali moyo, kenaka n'kuphedwa ali m'manja mwa bungwe la chitetezo la Shin Bet. Akuluakulu a bungwelo ananamiza ofufuza. Mu June 1986 Herzog anakhululukira mkulu wa bungwelo, Avraham Shalom, ndi anzake atatu, asanaimbidwe n'komwe mlandu. Khoti lalikulu linavomereza kuti mphamvuyo anali nayo, ndipo iye anati anachita zimenezi pofuna kuteteza chitetezo cha dziko. Koma munthu yemwe uja amene mu 1975 analimba mtima kuulula zolakwa za akuluakulu a nkhondo ndi amenenso anatseka khomo la bwalo la milandu limene likanatulutsa zoona zonse poyera. Kwa ine apa analakwa, ndipo zikuonetsa kuti wolemba mbiri akakhala pampando, amayamba kusankha zoona zimene dziko lingathe kuzimva.

Herzog anamwalira mu April 1997. Mwana wake, Isaac Herzog, anakhala pulezidenti wa Israel mu 2021. Mukamaliza mutu wa 1973, bambo, mutilemberenso mutiuze mmene inu, munthu wodziwa kuguba ndi kulandira malamulo, mwaonera kayendetsedwe ka nkhondo ya ku Golan, chifukwa owerenga ena afunsaponso za nkhondo imeneyo.